Namatope wa pa Likhubula, Gawo 7: Waya wopanda mwini

Khalani pansi bwinobwino, abale anga, chifukwa mwa inu nonse amene munabetcha sabata yatha za chimene chikuzimitsa Namatope palibe ndi mmodzi yemwe amene wadya.

Ena munalumbira kuti ndi mapulagi. Mayi wina wogulitsa tomato pa Chitakale anachita kundikoka malaya Lachiwiri, amvekere: "Inu alembi, musatitayitse nthawi, ameneyo ndi petulo wa m'zigubu." Aphunzitsi ena a ku Phalombe ananditumizira uthenga wautali ngati ulaliki wa pa Pasaka, koma mutu wake umodzi: bokosi la kompyuta la ku Joni n'lachinyengo. Nanga inu a chipani cha mizimu? Musabisale kuseri kwa anzanu, ndakuonani. Inuyo ndiye mwachuluka kuposa onse.

Paja tinasiyana Namatope, galimoto ya alamu anga, atazima pa mlatho.

Kachitatu.

Malo omwewo, nthawi yomweyo: dzuwa likulowa, thanthwe la Chambe litachita psuu, amayi akubwerera kumsika madengu ali pamutu. Galimoto yoti tsiku lonse yakhala ikuthamanga ngati mwana wamva belu la phala, ikangofika pamene msewu wochokera ku Chitakale umawoloka mtsinje wa Likhubula, imatsokomola kawiri, kenako zii. Mukankhe, mupemphere, mutukwane, palibe. M'mawa mwake alamu akapotoza kiyi, yalira ngati dzulo sikunachitike kanthu.

Ndiye mudzi ukanakhala chete?

Amalume ndiwo anayamba. Anakhala pa mpando wawo wa ndalema, n'kuloza phiri ndi ndodo. "Ine ndinanena kale. Galimoto imene inagona m'matope a Napolo si yanunso. Mwini wake akuifuna." Paja mukukumbuka kuti dzina la Namatope linabwera chifukwa cha namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, pamene Probox ya alamu inamira m'matope mpaka m'mawindo n'kuferatu bokosi lake la kompyuta. Ife tinataya galimoto chabe. Anzathu ambiri kuno ku Mulanje ndi ku Phalombe anataya abale, ndipo nkhani imeneyo sitiiseka. Koma amalume akagwira mfundo, amaigwira ngati nkhupakupa.

Anyamata onyamula katundu wa alendo okwera phiri, aja amadikirira pa ofesi ya zankhalango, anali ndi yawoyawo. Akuti wina mwa okwera galimotoyo anapeza chakudya m'phiri n'kuitana mnzake kuti adye naye, chinthu chimene aliyense wobadwira kuno amadziwa kuti sachita. Ena akuti Namatope ananyamulapo matabwa a mkungudza usiku, ndiye eni phiri akwiya. Wina anafika ponena kuti anaona gogo wa imvi atakhala pa boneti, wochokera ku Dziwe la Nkhalamba. Nditamufunsa kuti anamuona nthawi yanji, anati sanamuone iyeyo, anamuona ndi msuweni wake.

Msuweni ameneyu ndi wa maso akuthwa. Amaona chilichonse m'boma lino.

Alamu anga ndiye anali atatupa ngati finye. "Bokosi limeneli ndinagula ndi marandi a thukuta langa," ankatero akumenya pachifuwa. "Ku Joni anyamata amaika omwewa m'magalimoto a mpikisano." Pamenepo sankanama. Ku South Africa kuli makampani opanga mabokosi oterewa, monga Spitronics, Dicktator ndi Gotech, ndipo anthu kumeneko amawagwiritsa ntchito akasintha injini kapena bokosi lobadwa nalo likafa. La alamu sindikutchulani dzina lake, kuopa kunamizira wosalakwa. Chomwe alamu sankanena n'chakuti bokosi lotere silibwera lodziwa kale injini yanu. Limabwera ngati mkamwini watsopano: uyenera kumulozera munda, chitsime ndi manda.

Achemwali anga, akazi awo a alamu, sanayankhe kanthu. Ankangosankha nandolo m'lichero. Anangofunsa funso limodzi, mawu ali pansipansi: "Kodi madzulo alionse mumakasaka pasinjala wanji ku Phalombe, poti minibasi zimakhala zitatha kale anthu?"

Alamu anayamba kufufuza china chake m'thumba.

Lisungeni funso limenelo. Tidzalifuna.

Tsono Loweruka m'mawa, chiperoni chili waa, anatulukira amisiri a ku Limbe aja ndinakulonjezani mu Gawo 5. Anakwera minibasi ya msewu wa Midima, n'kutsika pa Chitakale, n'kumalizitsa ndi kabaza. Ife timayembekezera chimunthu cha ovolosi yamafuta ndi bokosi la masipanala losenza awiri. Kunabwera kamdala kochepa thupi, jekete yaikulu ngati yobwereka, kachikwama ka mwana wa sukulu kumsana. M'kachikwamamo munali mita yoyezera magetsi, tesita ya babu limodzi, tochi yoonera taimingi, ndi laputopu yong'aluka galasi pakona. Ana a m'mudzi sanachedwe, pofika masana anali atawapatsa kale dzina: a Tesita.

"Mwasinthapo chiyani?" anafunsa a Tesita, asanatsegule n'komwe boneti.

Alamu anawerenga ndi zala. Mapulagi anayi. Makoyilo awiri, aja anapsa mu Gawo 4. Batire yatsopano. Sefa ya petulo.

"Munayeza chiyani musanagule?"

Zii.

"Ndiye kuti simunakonze galimoto, achimwene. Munkaombeza."

Ndikuuzeni, mawu amenewo anandilasa inenso, chifukwa ndi matenda athu tonse. Galimoto ikadwala timathamangira kusitolo ngati kwa sing'anga, kugula ichi, kugula icho, mpaka china chigwire mwangozi. Ndalama zimene alamu anataya pa zinthu zosafa zikanalipira a Tesita kawiri, n'kutsalako za nsomba.

Anayambira pa batire. Mita inaonetsa 12.6.

"Mavolti ali bwino," anatero.

"Mavoti?" amalume anadzidzimuka pa mpando wawo. "Nanga tayambanso chisankho?"

A Tesita sanaseke. Anaika waya umodzi wa mita pa mutu wa negetivu wa batire, winawo pa chitsulo cha injini, n'kuuza alamu kuti alize. Sitata inazungulira mwaulesi, mita n'kulumpha kufika 1.4. Mdalayo anagwedeza mutu ngati dokotala amene waona zimene amayembekezera.

"Apa sipayenera kupitirira theka la volti. Magetsi ali ngati munthu wopita kumsika: amapita ndi njira ina, amabwerera ndi ina. Yobwerera ndi ethi. Inu mwakonza njira yopitira, mwathira phula, koma yobwerera mlatho unakokoloka."

Anatsatira chingwe chokhuthala cha ethi mpaka pamene chimamangidwa ku thupi la galimoto. Atamasula bawuti, pansi pake panatuluka dothi lofiira louma gwa, ndi dzimbiri lobiriwira. Matope a 2023 anali akadali pompo, akudya mwakachetechete. Kenako anapeza ethi ya bokosi la ku Joni lija. Alamu anaimangirira pa kachitsulo kopakidwa penti kuseri kwa dashibodi, pamodzi ndi ethi ya wailesi ndi ya nyali za m'kati.

"Penti si chitsulo, achimwene. Ndipo bokosi silidyera mbale imodzi ndi wailesi. Ethi yake ipite yokha pa injini."

Kamnyamata kathu ka sipanala, mwana wa achemwali aakulu uja amatsata alamu paliponse, kanapatsidwa sandipepa. Kanapala mpaka chitsulo chinawala ngati ndalama yatsopano. Atayezanso, mita inati 0.2.

Anthu anayamba kuwomba m'manja. A Tesita anawaletsa ndi dzanja.

"Tayamba kumene."

Apa ndiye mundilole ndichedwepo pang'ono, chifukwa zimene ndinaona pambuyo pake zinanditsegula m'maso. Injini ya Namatope ndi ija amaitcha 1NZ, ya malita 1.5, yomwe mumaipezanso m'magalimoto ambiri a Toyota odzaza misewu yathu. Ilibe disitibyuta ngati Datsun ya kale imene amalume amaitamandira. Chimene chimauza bokosi nthawi yotulutsa moto ndi kasensa kokhala kumunsi kwa injini, koyang'anizana ndi gudumu la mano lozungulira limodzi ndi kirankishafuti. Gudumulo lili ndi malo a mano 36, koma awiri anachotsedwa dala, n'kutsala 34. Dzino lililonse likadutsa, kasensako kamatumiza kamphamvu kochepa. Pakafika pa gweru paja, bokosi limadziwa kuti pisitoni yoyamba ili pati, n'kuyamba kuwerenga.

"Ngati amalume akamaseka," kanatero kamnyamata ka sipanala.

Ndodo inakaphonya pang'ono.

Tsono kamphamvu kameneko n'kofooka kwambiri, makamaka injini ikamazungulira pang'onopang'ono poliza. Kali ngati kunong'ona. Ndiye taganizani munthu akukunong'onezani pakati pa ng'oma za tchopa. A Tesita atayeza sensayo anaipeza yamoyo, ma ohm ake ali cha m'ma 1,200, momwe iyenera kukhalira ikazizira. Koma atatsatira mawaya ake awiri anaima, n'kuvula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuvalanso.

"Waya uyu munamutenga kuti?"

Alamu anayang'ana kumwamba.

"Ameneyo ndi waya wa sipika ya wailesi yanga!" anakuwa amalume. "Miyezi itatu ndikufunafuna!"

Waya wa sipika, abale, wosavala kanthu, atamangidwa ndi tepi yakuda limodzi ndi mawaya a makoyilo, n'kudutsanso pambali pa alitaneta. Phokoso lonse la magetsi a m'injini linkalowa m'menemo, bokosi n'kumawerenga mano amene kulibe. Pa laputopu zinkaoneka poyera: injini ili phee pa 800, nambala n'kudumpha mwadzidzidzi kufika 3,000, n'kubwereranso. N'chifukwa chake Namatope ankachita ntchofu pokwera chitunda, nthawi zina n'kuphulitsa ku ekizozi ngati mfuti ya gogodela.

Mankhwala ake ndi waya wovala ukonde wachitsulo m'kati, umene umatchinga phokosolo. Ukondewo umalumikizidwa ku ethi mbali imodzi yokha, ya ku bokosi. Mukaulumikiza mbali zonse ziwiri mwautsegulira njira magetsi osochera. A Tesita anali ataiwala wawo ku Limbe. Pa Likhubula mungaugule kuti waya wotero Loweruka masana?

Anayankha ndi achemwali, kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi chingwe cha maikolofoni cha kwaya yawo.

A Tesita anachisenda kumapeto, n'kumwetulira. Mawaya awiri m'kati, ukonde kunja. "Mayi, mwatipulumutsa."

"Mubweze lisanafike Lamulungu la mawa lija," anatero achemwali. Sanabweze. Kwaya inaimba ndi pakamwa, ndipo ena akuti inamveka bwino kuposa kale.

Anasamalanso kuti mawaya awiriwo asasinthane, chifukwa sensa ya mtundu umenewu ukaitembenuza injini imatha kulira ndithu, koma moto umasuntha nthawi yake injini ikamakwera. Za makoyilo anadutsapo msanga. Injini imeneyi ili ndi koyilo pa pulagi iliyonse, ndipo koyilo iliyonse ili ndi mawaya anayi: wa moto wa batire, wa ethi, wolandira lamulo kuchokera ku bokosi umene a Toyota amautcha IGT, ndi wobweza yankho, IGF. Bokosi lobadwa nalo likapanda kumva yankho limenelo limatseka petulo; la ku Joni lija silifunsa n'komwe. Masilinda amaphulika motsatana 1, 3, 4, 2, ndipo poti bokosi la alamu limangomvera sensa yakumunsi yokha, limawotcha awiriawiri: 1 ndi 4, kenako 2 ndi 3. Pa laputopu a Tesita anapeza chimene chinapha makoyilo a mu Gawo 4. Nthawi imene koyilo imamwa magetsi isanalavule moto alamu anaiika pa 8, poganiza kuti nambala yaikulu ndi mphamvu yaikulu. A Tesita anaitsitsa kufika pa 3.

"Koyilo ili ngati mwana, achimwene. Mukaikakamiza phala imasanza, kenako imadwala."

Pomaliza anakhoma taimingi pa madigiri 10 m'laputopu, n'kuwalitsa tochi yawo yothwanima pa pule. Chizindikiro chinali patali ndi pamene chiyenera kukhala. Anasintha nambala pang'onopang'ono mpaka chinaima pa 10 penipeni, osagwedezeka.

Abale, kulira kwa injini imeneyo!

Sindinamumvepo Namatope akuyankhula mofatsa chotero, ngakhale asanamire. Amalume anaika kapu ya tiyi pa boneti, tiyi osatayika. Alamu anavina. A chipani cha mizimu anayamba kuzemba mmodzimmodzi, ena akuti akukaona mbuzi. Ine ndinali nditalemba kale m'mutu mwanga mutu wa gawo lino: Ethi yagonjetsa Napolo. Ndinali wokonzeka kutseka nkhani yonse, ndikupumitseni.

Mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

"Tiyeni tikaiyese nthawi yake yomwe ija," anatero a Tesita akupukuta m'manja. "Matenda a madzulo sachizidwa masana."

Tinakwera asanu: alamu pa chiwongolero, a Tesita pambali pawo laputopu ili pamiyendo, kumbuyo ine, amalume ndi kamnyamata ka sipanala. Tinatsika mpaka pa Chitakale, minda ya tiyi ikuthamangira kumbuyo, galimoto ikukoka ngati yatuluka kumene pa sitima. Tinagula nzimbe ndi mbatata yootcha, a Tesita n'kumwa botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi pa bilu ya alamu. Chiperoni chinali chitasiya, thambo litatseguka. Dzuwa litayamba kufiira tinatembenuka. Alamu, chimwemwe chitawakwera, analengeza kuti akatitsitsa pa Likhubula iwo apitirira ku Phalombe "kukaona pasinjala".

Titayandikira mlatho tinapeza anthu ali mbwee, ngati tsiku la mpikisano wa onyamula katundu uja umachitika m'phiri chaka ndi chaka. Mbiri inali itawanda kuti lero ndi lero. Ndinaona anyamata a kabaza atatsamira njinga zawo, pakati pawo pali uja wa chipewa chofiira amene wakhala akudandaula kuti Namatope akumulanda anthu. Ndinaona bambo aja a katapila amene anakongoza alamu ndalama zolipirira msonkho wa bokosi, manja ali kumbuyo. Ndinaona makanika wa pa Chitakale amene anayamba kugwira mawaya mu Gawo 3 n'kuthamangitsidwa. Achemwali nawo anali pomwepo, dengu pamutu, ngati angodutsa.

Alamu anachepetsa liwiro chifukwa cha khamulo. Anaika giya yachiwiri. Anatulutsa dzanja pawindo kuti abayibitse.

Khoo. Khoo.

Zii.

Mfuu umene unabuka pamenepo unamveka mpaka ku Chambe. "Napolo! Napolo!" Mayi wina anagwetsa dengu la tomato. Amalume anatsegula chitseko n'kutuluka ndi liwiro limene sindinaliganizire pa msinkhu wawo, ndodo n'kuisiya m'galimoto.

Munthu mmodzi yekha ndiye sanatekeseke. A Tesita anali akumwetulira ngati mlenje amene nyama yalowa mu msampha wake.

"Lizani."

Alamu analiza. Sitata inazungulira mwamphamvu. Pa laputopu nambala inaonetsa 250, yokhazikika bwino.

"Sensa ikuwerenga. Bokosi lili moyo." Anatuluka, n'kuzula koyilo imodzi, n'kuikamo pulagi, n'kuigunditsa pa chitsulo cha injini. Moto wabuluu unathetheka, thethe, thethe. "Moto ulipo. Tsono nonse khalani chete. Chete!"

Khamu lonse linati zii, kungomveka madzi a Likhubula pansi pa mlatho. A Tesita anatsegula chitseko chakumbuyo, n'kugwada, n'kuika khutu pa mpando.

"Zimitsani kiyi. Yatsaninso, koma musalize."

Bokosi lotere mukangoyatsa kiyi limayendetsa pampu ya petulo masekondi awiri kapena atatu, ndipo umaimva ikung'ung'udza m'thanki ngati njuchi. M'mawa uja tonse tinaimva.

Tsopano kunalibe njuchi.

Fyuzi ya pampu inali yamoyo. Rile inkagogoda bwinobwino, tesita n'kuyaka pa waya wotuluka. Koma atatukula mpando wakumbuyo n'kugunditsa tesita pa pulagi ya pampu, babu silinayake. Moto ukunyamuka kutsogolo, koma kumbuyo sukufika.

"Ukusochera panjira," anatero a Tesita. "Tiyeni tiuperekeze."

Anayamba kukanganula mapulasitiki a m'mphepete mwa chitseko, kamnyamata kakuwaunikira ndi tochi ya foni. Chala chawo chinkatsata waya wa pampu pang'onopang'ono, kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo, ngati munthu wotsata mapazi a mbuzi yobedwa. Anadutsa pansi pa mpando wa dalaivala. Anafika pa phazi la chitseko chakutsogolo, pamene mawaya amakwera kulowa m'dashibodi. Pamenepo chala chinaima.

"Achimwene, pepala la mawaya limene linabwera ndi bokosi lili kuti?"

Alamu analitulutsa m'thumba, lopindapinda. A Tesita analiyang'ana, n'kuyang'ana waya, n'kuliyang'ananso.

"Waya uyu mulibe m'pepalamu. Ndipo si wa Toyota."

Waya wa pampu unali utadulidwa pakati. Nsonga zake ziwiri zinalowa mu rile ina yachilendo, yobisidwa kuseri kwa kapeti, yomangidwa mwaukhondo ndi manja a munthu wodziwa ntchito. Osati zomata ndi tepi za alamu, ayi. Kuchokera pa rileyo panatuluka kawaya kachikasu, kowonda, kakukwera m'mwamba. A Tesita analowetsa mkono wonse m'dashibodi mpaka paphewa, nkhope itatsamira chiwongolero. Anakoka.

Kanatuluka kabokosi kakuda, kochepa ngati bokosi la machesi, kakulendewera pa mawaya ake. Pakona pake kanyali kobiriwira kankaphethira.

Phethi. Phethi. Phethi.

"Chithumwa!" anakuwa wina, ndipo theka la khamu linabwerera m'mbuyo.

"Chithumwa cha ku China," anatero a Tesita. "Iyi ndi thirakala. Imauza mwini wake pamene galimoto ili, usana ndi usiku. M'katimu muli simu khadi ngati ya m'foni mwanumo. Mwini wake akatumiza uthenga umodzi, rile iyi imadula pampu. Akatumiza wina, imalumikiza. Ndipo tambiri mwa timabokosi timeneti sitidula galimoto ikuthamanga, kuopa ngozi. Timadikira ichepetse liwiro." Anayang'ana mlatho, n'kuyang'ana alamu. "Inu madzulo mumachepetsa liwiro pati?"

Alamu anatsegula pakamwa, koma mawu sanatuluke.

"Munaiika ndinu?"

"Ine? Ndikuiona lero!"

"Ndiye alipo amene amakukondani kwambiri, achimwene. Amafuna muzigona pa Likhubula."

Kuseka kunabuka, koma kunazima msanga, chifukwa aliyense anayamba kuyang'ana mnzake. Wa chipewa chofiira anayamba kupukuta galasi la njinga yake. Bambo a katapila anatsokomola. Makanika wa pa Chitakale anati iye mawaya achikasu sagwira, ngakhale kufunsa aliyense. Achemwali anatula dengu pansi, n'kumanganso chitenje, nkhope ili ngati madzi a m'chitsime. Amalume anali atabwerera kudzatenga ndodo yawo, ndipo ndinadabwa kuona kuti za Napolo asiya kuzitchula.

A Tesita anatsegula kabokosiko ndi nsonga ya mpeni, n'kusolola simu khadi.

"Masiku ano simu iliyonse inalembetsedwa ndi chiphaso cha munthu, koma zimenezo n'za apolisi, zitenga nthawi. Ilipo njira yachidule. Nthawi zina mauthenga amatsalira pa simu pomwepa." Anatembenukira kwa ine. "Alembi, tabwerekeni kafoni kanu ka mabatani."

Manja anga ankanjenjemera potsegula chivundikiro. Anaika simu ija. Foni inayaka, n'kuimba kanyimbo kake, n'kusaka netiweki. Anthu anatiunjirira mpaka mpweya kuchepa; ndinkamva fungo la usipa, thukuta ndi mbatata yootcha. A Tesita anadina, n'kudina.

"Alipo."

Mauthenga asanu ndi awiri. Anayi a madzulo, atatu a m'bandakucha. Womaliza unalowa mphindi khumi ndi zisanu zapitazo, nthawi imene ife timanyamuka pa Chitakale. Onse ochokera pa nambala imodzi.

"Tiwerengereni!" linakuwa khamu.

"Kuwerenga n'kutaya nthawi," anatero a Tesita. Anatulutsa foni yawo m'jekete, n'kukopera nambala ija manambala onse khumi, mosathamanga, ngati akuwerenga ndalama za chopereka. Anaikweza m'mwamba kuti aliyense aone. Chala chinatsika pa batani lobiriwira.

Pa mlatho panali zii. Ngakhale achule anadikira.

Sekondi imodzi. Ziwiri. Zitatu.

Foni inalira.

Sinalire ku Joni, abale. Sinalire ku Phalombe. Inalira pomwepo pa mlatho, pafupi ndi ine moti ndikanatambasula dzanja ndikanaigwira. Ndipo chimene chinandiumitsa m'kamwa n'chakuti kaliridwe kake ndimakadziwa. Ndimakamva tsiku ndi tsiku pakhomo pathu pomwe.

Mitu yonse inatembenukira mbali imodzi. Dzanja lina linalowa m'thumba mochedwa, kufuna kuitseka pakamwa.

Dzanja la yani?

Aaa, mwaonjeza. Malo anga m'tsamba lino athera pomwepa, ndipo akonzi akundiyang'ana kale ndi diso lofiira. Betchaninso, koma mayi a tomato a pa Chitakale, nthawi ino malaya anga muwasiye, ndi omwewa. Tikumane pa mlatho sabata ya mawa, ndipo mubwere mafoni anu ali oyatsa.